A Kopolo ndi Dzenje la Mfuti Zawo

A Kopolo amwalira mwezi wathawu, ndipo anthu akundinena kuti pamaliro pawo sindinalire. Akuti ndauma mtima chifukwa chokhalitsa pamsika wa Katete. Anene, pakamwa m'pawo. Ine misozi yanga inathera pa maliro a akazi awo, amayi anga aakulu a Nambewe, tsiku lomwe tinawagoneka m'nyumba yobwereka ngati mlendo wofera paulendo. Pofika pa a Kopolo m'maso munali mutauma kale. Mlaliki anati tisaweruze akufa. Chabwino, sindiweruza. Ndingonena zomwe ndinaona ndi maso angawa.

Dzina lawo lenileni anali a Laimoni Phiri, kwawo ku Vubwi, cha kumalire uko. Kwathu, mudzi wa kuseri kwa Sinda, anabwera ngati mkamwini, kudzakhala pamalo pa akazi awo monga mwa mwambo wathu. Ukopolowo anadzipatsa okha. Ku usilikali sanapondeko ngakhale tsiku limodzi. Anali mlonda wa pageti pa kampani ina ku migodi, ntchito yake kutsegula ndi kutseka magalimoto akamadutsa, basi. Koma mukanawamva akusimba pansi pa mtengo wa mango, mukanaganiza kuti dziko lonse la Zambia linkagona tulo chifukwa cha iwowo.

Ndinawaona komaliza ali moyo pamsika pomwe ndimagulitsa tomato ndi anyezi. Anatulukira atavala jasi lawo lakale, mabatani ena atathothoka, n'kuyamba kusankha tomato ngati anadzala ndiwo. Sanafunse za amayi anga, sanafunse za ana. Anandiuza kuti benchi langa lili pamalo oipa pa nkhani ya chitetezo, chifukwa mbala ingandidzere kumbuyo. Kenako anagwira kiyi wa m'khosi mwawo n'kuuza mayi wogulitsa pafupi nane kuti iwo ali ndi chipinda cha mfuti pansi pa nthaka, chokhacho m'chigawo chonse cha Kum'mawa. Mayiyo anandiyang'ana kuti ndivomereze. Ine ndinangowerama n'kumapatula tomato wowola.

Zaka zonse zomwe bamboyu anali ku migodi, amayi aakulu anatsala okha. Ana awo onse anamwalira ali aang'ono, ndiye mphamvu zawo zonse anaziika pa chinthu chimodzi: nyumba. Njerwa anaumba okha pachulu cha kumunda, madzi akusenza pamutu. Malata ankagula limodzilimodzi akagulitsa thonje ndi mtedza, n'kumawaimika kuseri kwa nkhokwe mpaka anakwana. Inali nyumba ya zipinda zitatu ndi pabalaza, yoyamba ya malata m'mudzi mwathu. Pa sitepe ya pakhomo, simenti ikadali yaiwisi, anamatapo tizidutswa ta mbale yadothi yamaluwa yomwe inawaswekera, kuti pakhomo pakongole.

Chifukwa chomangira ankachinena poyera, akuseka. Kwathu munthu akamwalira amagona m'nyumba mwake, azimayi atamuzungulira, ndipo popita kumanda amatulukira pakhomo pake. "Ana oti adzandilire ndilibe," ankatero, "koma pogona ndili napo. Mudzandigoneke pabalaza panga, mudzanditulutsire pa sitepe yangayi. Osakandibwerekera nyumba ngati ndinalibe manja." Anatiuza kambirimbiri mpaka tinkawaseka. Ndicho chinthu chokha chomwe munthu uja anapempha pa dziko lino.

Kenako a Kopolo anapuma ntchito n'kubwerera. Anatsika basi pa Sinda ndi sutikesi yaikulu, jasi lakuda la mabatani owala, wezulo m'khosi, ndi mfuti ziwiri. Ina inali chifefe chomwe anagula kwa bwana wina wochoka, ina gogodera wa malemu agogo awo, uja wothira onga kukamwa. Nyumba anaiyang'ana, anaizungulira manja ali kumbuyo, n'kunena kuti mawindo ake ndi ofooka pa nkhani ya sekyuliti. Amenewo ndiwo mawu oyamikira omwe amayi aakulu analandira.

Khasu sankaligwira. Ankati msana unawonongekera pa dyuti. M'mawa ntchito yawo inali kupukuta jombo, masana nsolo ku Sinda. Lamlungu, nthawi yomwe anthu akuchokera ku tchalitchi, ankakhala pakhonde mfuti zili pamiyendo, akuzipaka mafuta pang'onopang'ono kuti aliyense wodutsa aone. Mukapereka moni sankayankha msanga. Ankayamba atsinzina diso limodzi, kusuzumira mumpope, kenako n'kukuyang'anani ngati mwawasokoneza pa msonkhano wa boma. Ankakonda kunena kuti mudzi wopanda mfuti ndi khola la nkhuku chabe, ndiponso kuti anthu wamba ngati ife sitingamvetse za chitetezo. Akazi awo ankawaitana kuti iwe, pagulu, munthu wa imvi. Koma mfutizo ankazitchula mwaulemu, ati akuluakulu.

Ndiwapatse chawo: sankamenya mkazi, sankaba, ndipo mowa ankamwa wa mlingo. Ndayesa kufufuza china chowonjezera, ndalephera.

Funsani chomwe mfutizo zinaphapo. Nguluwe zinkatha chimanga cha akazi awo kumunda wa kudambo, iwo ati zipolopolo si za nkhumba. Chaka china pa mwambo wa Kulamba anapita ku Mkaika atavala jasi lija dzuwa likuwotcha, n'kuyamba kuimba wezulo kulondolera magalimoto poima, osatumidwa ndi munthu. Apolisi enieni atawauza kuti akakhale pansi, anabwerako akusimba kuti anyamata aja anawapempha malangizo.

Nkhani ya dzenje inayambira ku boma. Atapita kukakonzetsa laisensi ya chifefe, anauzidwa kuti mfuti izikhala m'bokosi lachitsulo lokhoma, lomangirira kukhoma. Zomveka, ena a mfuti amatero. Koma kwa a Kopolo bokosi linali chipongwe. Ku migodi kuja kunali chipinda cha pansi pa nthaka chosungiramo mfuti za kampani, chomwe iwo ankachitchula kuti sitolongirumu. M'katimo sanalowepo, alonda a pageti sankaloledwa. Ankangoona chitseko chake podutsa, ndipo chitseko chimenecho n'chomwe chinawalowa m'mutu. Anabwera kunyumba n'kulengeza kuti akumba chawo, pansi pa chipinda chogona.

Mmisiri woyamba, wochokera ku Katete, anagogoda maziko n'kukana. Anati maziko a nyumbayo ndi osaya, ndipo ngati akufunadi dzenje akumbe patali, kubwalo. A Kopolo anati akuluakulu sagona kubwalo ngati mbuzi. Wachiwiri anangomwa madzi n'kukwera njinga yake.

Ndiye anaganiza za adzukulu. Nanga ndani m'mudzi amadziwa kukumba dzenje lowongoka, lakuya, osadandaula, kuposa okumba manda? Anaitana a Jailosi, mkulu wa adzukulu kwathu, n'kuwalonjeza mbuzi ndi mowa wamasese. A Jailosi ndi munthu wabwino, koma mbuzi saikana. Unali mwezi wa Okutobala, nthaka itauma gwa, zitsime zitaphwa. A Kopolo ankatapa dothi louma la pansi pa dzenjelo n'kumaonetsa anthu, kuti oopa madzi aja aloze pomwe pali madzi.

Ine ndinali kumudzi masiku amenewo, ndipo zomwe ndinaona sindidzaziiwala. Adzukulu ali mbuu, akutuluka ndi ndowa za dothi lofiira pakhomo la munthu wamoyo, kudutsa pabalaza paja amayi aakulu ankakolopa tsiku ndi tsiku. Azimayi odutsa ankagwira pakamwa. Mayi wina wa mudzi woyandikana atamva kuti adzukulu ali kwa a Nambewe, anabwera atamanga chitenje m'chiuno, akulira kuchokera kumsewu, n'kudzapeza mwini maliro akuswa mtedza pakhonde. Amayi aakulu anamulandira, anamupatsa madzi akumwa, n'kumuthokoza kuti wabwera msanga.

Dzenje litafika poti munthu wamtali sakuoneka, a Kopolo anati n'lochepa. Ankafuna chipinda chenicheni, choti munthu azitembenukamo, koma pamwamba pakhale pang'ono, pongokwana chivundikiro cha pansi pa bedi. A Jailosi anati zimenezo n'zosavuta, ndiyo ntchito yawo. Paja manda athu akafika pansi amabooledwa cham'mbali, kukhala kachipinda kolowetsamo bokosi kuti dothi lisaligwere, komwe timati mudzi. Adzukulu anachita zomwe manja awo anazolowera. Anaboola cham'mbali n'kumapitirira, a Kopolo akuwalimbikitsa ndi wezulo. Kumanda pamwamba pa mudzi pamakhala udzu chabe. Apa pamwamba pake panali khoma lakumbuyo la nyumba ya amayi aakulu.

Atatha, a Jailosi anavula chipewa n'kunena kuti patsala chinthu chimodzi. Dzenje lokumba adzukulu silisiyidwa lopanda kanthu. Manda akakumbidwa koma munthu osaikidwamo, timagonekamo thunthu la nthochi, kuti dzenjelo lisaitane wina. Amayi aakulu anapita okha kudimba, anadula nthochi, anaisenza mpaka pakhomo.

"Chimenecho n'chiyani, iwe?" anafunsa a Kopolo.

"Nthochi, abambo. A Jailosi aigoneke pangodya, sitenga malo."

"M'sitolongirumu mwanga? Pamodzi ndi akuluakulu? Kodi ukuona ngati ndi dzala lotayako zinyalala?"

"Chabwino, nthochi isiyeni," anatero amayi aakulu, mawu ali pansi. "Koma bwerani kuseri mudzaone khoma langa. Layamba mng'alu."

Sanapite kukaona. Nthochi anaikankha ndi jombo n'kuuza anthu kuti akaponyere nkhumba. Ine ndimapemphera, sindikunena kuti thunthu la nthochi likanagwira khoma, iyayi. Koma mwamuna wokana kanthu kaulere kotere, koti mkazi wake agone mtima uli m'malo, ndi mwamuna wanji? Asa!

Chitseko anakawotcheretsa ku Katete, cha chitsulo cha lole yakufa. Chinabwera pangolo, ng'ombe zikutuluka thovu kukamwa, ndipo pochitsitsira m'dzenje anasonkhana amuna a mudzi wonse. Mbali za chipindacho anamanga ndi njerwa zotsala za amayi aakulu, mzere umodzi, simenti yongonunkhiza, chifukwa zonse zinathera pa chitseko. Anaboola khoma n'kulowetsa paipi yoti mfuti zizipumira mpweya. Anakhoma zokolekera mfuti khumi, mfuti zili ziwiri. Kiyi anamumangirira pa chingwe cha jombo n'kumuvala m'khosi pamodzi ndi wezulo. Tsiku lotsegulira anaitana amuna kuti azitsika mmodzimmodzi kukaona, atavula nsapato. Akazi ayi. Mwini nyumba sanaloledwe kuona chomwe chinali pansi pa bedi lawo.

Mvula yoyamba itagwa, madzi analowa. Sanachokere kudenga, anatumphuka pansi ngati kasupe. A Kopolo ankatsika ndi ndowa, kutunga, n'kumapatsira akazi awo pamwamba kuti akataye. Pamenepo ndiye mkazi anali wololedwa. Mng'alu uja unakula mpaka kulowa chala, kenako dzanja. Amayi aakulu ankaumata ndi dothi, kutsekamo nsanza, kuumatanso. Anapita kwa amalume athu, anapita kwa akulu a mpingo, kupempha kuti dzenjelo likwiriridwe nyumba isanagwe. Onse analankhula nawo a Kopolo, ndipo onse anauzidwa kuti anthu wamba sangamvetse.

Nyumba inagwa dzinja lachitatu, mu Febuluwale, pa mvumbi uja wosakata. Unali usana. Amayi aakulu anali chigonere pabedi ndi malungo, ine ndili kukhitchini kuwaphikira phala. Ndinangomva ngati ngolo ya miyala ikukhuthulidwa, kenako ndinaona fumbi lofiira likutuluka m'mawindo, mvula ikugwa. Khoma lakumbuyo linatitimira m'dzenje, denga n'kupendekera, mtanda n'kuwagwera m'chiuno. Tinawatulutsira pawindo. Tinawagoneka pamphasa pansi pa mango, ine nditaika mutu wawo pamiyendo panga, ena atathamangira kumsewu kukafuna galimoto. Sankalira. Ankangoyang'ana nyumba yawo.

A Kopolo anali ku Sinda, ku nsolo. Uthenga utawapeza anabwera panjinga akupalasa ngati mnyamata, jasi likuuluka kumbuyo. Mumtima ndinati, ha, kani munthu uyu ali nawo mtima. Njinga anaiponya pansi, anatidutsa pafupi chonchi, moti matope a jombo zawo anandigwera pachitenje, n'kukaima pamulu wa njerwa.

"Chitseko!" anakuwa. "Chitseko chili bwanji? Sichinapindike?"

Amayi aakulu anatembenuza mutu pang'ono pamiyendo panga.

"Kachioneni, abambo," anatero. "Mwina chavulala."

Ndipo anapitadi kukachiona. Anayamba kuchotsa njerwa ndi manja, akuitana amuna kuti adzawathandize. Galimoto itabwera tinawanyamula amayi aakulu ife tokha. Kuyambira tsiku limenelo sindinawatchulenso bambo aja kuti atate aakulu.

Amayi aakulu anakhalitsa kuchipatala, ndipo anabwerako akuyendera ndodo. Zotsala za nyumba tinachita kugwetsa, chifukwa makoma onse anali atang'aluka. Kale makolo athu ankagwetsa nyumba mwini wake akamwalira. Iyi tinaigwetsa mwini ali moyo, akumva uthenga pabedi la chipatala. Malata tinawasanja bwino, tikuti tikakolola tiumbe njerwa tiwamangire ina yaing'ono. Pobwerako amayi aakulu anapeza malata abwino onse atakhomedwa kale pa chisakasa chomwe a Kopolo anamanga pamwamba pa dzenje, kuti chitseko chisanyowe. A Kopolowo anawalozera kukhitchini, kanyumba kaudzu kolowa chowerama.

Amalume anakwiya, anati mkamwini ameneyu anyamule jasi lake abwerere ku Vubwi. Mwambo unkalola. Anakana ndi amayi aakulu eni ake, ati analumbira ku tchalitchi, ndipo munthu wokalamba chonchi akamuthamangitsa akadya kuti? Pamenepa ndinawakwiyira nawonso, ndisaname. Tinaumba njerwa chilimwe chimenecho, tinaziwotcha, a Kopolo n'kuzitenga kumangira mpanda wa chisakasa chawo. Titayambanso chaka chinacho, amayi aakulu anabwera ndi ndodo yawo mpaka pachulu kudzatiletsa. "Lekani, ana inu," anatero. "Mukuumbira mfuti."

Chomwe mudzi wonse unkadziwa, koma osachinena pamaso pawo, n'chakuti chitseko chija sichinatsegukenso. Khoma pogwa linapinda felemu, chitseko n'kumatirira. Kuchiphwanya sakanalola, chifukwa ankadzitama kuti kuyambira ku Sinda, Katete mpaka ku Vubwi palibe munthu angachitsegule. Pamenepo pokha ananena zoona. Ndiye Lamlungu lililonse ankatsika masitepe a m'dzenjemo ndi kabotolo ka mafuta, kukhala pansipo kanthawi, n'kutuluka akupukuta manja, ati akuluakulu ali bwino. Tsiku lina galu wachiwewe analowa m'mudzi dzuwa likuswa mtengo, anthu n'kuthamangira kwa iwo. Anagwira kiyi, anatsokomola, anati lamulo silimalola kuwombera pafupi ndi nyumba. Galuyo anaphedwa ndi azimayi, ndi misi yosinjira.

Amayi aakulu anamwalira m'khitchini muja zaka zingapo zapitazo, pamphasa pafupi ndi mafuwa. M'menemo munalibe malo ogoneka maliro. Anthu atatu akalowa ndiye mwadzaza, ndipo bokosi silikanakwana pakhomo pake. Tinawakulunga m'bulangete n'kuwanyamula kupita nawo kunyumba kwa ang'ono awo, amayi anga. Njira yake inadutsa pafupi ndi sitepe ija ya tizidutswa ta mbale. Ndinayang'ana kumbali. Amayi anga anakonza pabalaza pawo bwino lomwe, palibe chinasowa, koma tonse tinkadziwa kuti tachita chomwe anatiletsa, tawabwerekera nyumba. Ndinalira mpaka mawu anatha. A Kopolo anali panja atavala jasi, akuimba wezulo kuuza anthu pokhala.

Titachokera kumanda ndinawapeza ali pachisakasa chawo, ndipo ulemu ndinausiya kumbuyo.

"Mwaona zomwe mwachita?" ndinawafunsa. "Munthu anapempha chinthu chimodzi chokha."

Anandiyang'ana ndi diso limodzi, ngati akusuzumira mumpope. "Nyumba ija inali yofooka kale, mwana iwe," anatero. "Inamangidwa ndi mkazi."

Ndikanakhala ndi musi m'manja, kaya. Anachita kundikoka ndi amayi anga.

A Kopolo anafera m'khitchini momwemo. Abale athu sanasiye kuwapatsa chakudya mpaka tsiku lomaliza, chifukwa amayi aakulu anatero asanamwalire. Abale awo anabwera kuchokera ku Vubwi ndi kalole kudzatenga mtembo, poti mkamwini amabwerera kwawo. Wotsogolera anali mwana wa mlongo wawo, Adamusoni, wa mawu ambiri ngati amalume ake. Anati malemu analamula kuti asananyamuke chifefe chilire, mudzi udziwe kuti kwagwa munthu wamkulu. Ndiponso sanabise, mfutizo tsopano zinali zake.

Anavula kiyi m'khosi mwa malemu n'kutsika masitepe. Kiyi sanatembenuke. Anabweretsa nyundo ndi mgwala, anamenya mpaka thukuta kamukamu, chitseko osagwedera. Kenako mmodzi wa iwo atatopa anatsamira khoma la pambali pa chitsekocho, njerwa n'kungogumukira m'kati. Anamaliza ndi khasu wamba. Zaka zonsezo mbala ikanangobwera ndi khasu.

M'katimo munali madzi akuda ofika m'mawondo, ndi fungo loti aliyense anabwerera m'mbuyo. Adamusoni analowa atapinda buluku. Anatuluka ndi mipope iwiri yadzimbiri. Mitengo yake yogwirira inali itawola kale, moti pokweza chifefe mtengo unatsalira m'dzanja linalo ukuyoyoka. Anayang'ana zitsulozo, anatiyang'ana ife.

"Ndiye akuluakulu aja ndi amenewa?" anafunsa.

Mayi wina anaseka n'kunamizira chifuwa. Mipopeyo anaikulunga m'thumba la feteleza n'kuiponya m'kalole pambali pa bokosi. A Kopolo anachoka m'mudzi mwathu popanda kulira kwa mfuti, ngakhale kwa wezulo. Kalole katangokhota kumsewu, a Jailosi, amene masiku ano akuyenda chowerama, anatulukira akukoka thunthu la nthochi. Analikankhira m'dzenje, madzi n'kuti khuvu. "Yachedwa," anatero, "koma ilowe."

Ndinapitako sabata yatha. Chisakasa anthu anachiphwasula, koma malata aja anali atabooka ndi dzimbiri, osathandiza ngakhale pakhola la mbuzi. Dzenje likadalipo, dothi likugumukiramo pang'onopang'ono, achule akuimbamo. Chitseko chili chiimire pakati pake, chokhoma, chopanda khoma uku ndi uku. Ogula zitsulo zakale anabwera, anachigwedeza, anachisiya. Pomwe panali pabalaza pamera chisoso ndi bonongwe. Chotsala cha nyumba ya amayi aakulu ndi sitepe ija yokha. Tizidutswa ta mbale tikadalipo, maluwa ake amaonekabe ukapukuta ndi chala. Ndinasesapo, ndinakhalapo pang'ono. Kumbuyo kwanga kunalibe khomo loti munthu atulukirepo.